Chimene a Mwetulirani Ankafufuta

Dzina lawo lenileni linatsalira pa laisensi ya situdiyo imene inapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo nayonso inali itasuluka. Msewu wonse unkawadziwa kuti a Mwetulirani, chifukwa mawu amenewo ndi amene ankatuluka pakamwa pawo kuyambira potsegula mpaka potseka. Wofuna chithunzi cha pa chiphaso, mwetulirani. Akwati, mwetulirani. Tsiku lina anauza zomwezo mayi wina amene ankafuna chithunzi chopita nacho kukhoti, ndipo mayiyo anawafunsa ngati kukhotiko amagawa maswiti. Eni akewo sankamwetulira kawirikawiri. Anali munthu wamtali, wowonda, wa nkhope ya munthu amene waona chinthu chopendekeka koma amuletsa kuchiwongola.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata, nthawi ya mafilimu, kwa mkulu wina amene ankasuta kwambiri moti zithunzi zake zinkanunkha fodya. Mkuluyo ankatenga pensulo yosongoka ngati singano nkumakanda nayo pa negetivu pang'onopang'ono mpaka chiphuphu cha mkwatibwi chitasowa. "Munthu sabwera kuno kudzaona nkhope yake," ankatero. "Nkhope yakeyo ali nayo kunyumba pa galasi. Kuno amadzatenga imene akanakonda kubadwa nayo." Mawu amenewa a Mwetulirani anawameza osatafuna. Makompyuta atabwera, ojambula anzawo akale analira kuti ntchito yatha, koma iwo anaona ngati awapatsa mkono wachitatu. Chimene chinkatenga ola lathunthu ndi pensulo tsopano chinkatha kasitomala asanamalize kumanga mabatani a jekete. Ziphuphu, zipsera, makwinya, maso ofiira a munthu amene wadzera kumowa, zonse zinkatsala pa kompyutapo. Sankafunsa nkomwe mwini nkhope. Dzanja linkangopita lokha.

Tsidya la msewu kunali situdiyo ina, ya munthu amene onse ankamutchula kuti Pompano, potengera chikwangwani chake chonena kuti zithunzi za pompano. Ameneyo ankajambula kamodzi basi, nkusindikiza, nkudula ndi sizasi yobuntha. Ukalowa ndi thukuta unkatuluka ndi thukuta lako pa pepala. A Mwetulirani ankati Pompano si wojambula koma mboni, ndipo akamuona akutsegula m'mawa ankatsonya.

Akazi awo a Mwetulirani anali telala, makina awo ali pakhonde la kunyumba. Banjali linakhala zaka zisanu ndi chimodzi lopanda mwana, ndipo amene anabwera pomalizayo anabwera movuta, madokotala nkunena kuti wina asayembekezeke. Nchifukwa chake kamtsikanako kanatchedwa Mzime kadakali m'manja, ngakhale kuti chisamba kanalinso komweko.

Mzime anabadwa ndi kamzere pakhosi, kakuda pang'ono kuposa khungu lake. Kanayambira kuseri kwa khutu lakumanzere nkutsika mokhota mpaka pamene khosi limakumana ndi phewa, ngati wina wadutsitsapo chala chonyowa. Anamwino anati kazimiririka kokha. Atakwanitsa sabata, bambo ake anamugoneka pa thaulo loyera nkumujambula, ndipo pokonza chithunzicho anachotsa kamzereko monga momwe ankachotsera kachitsotso pa malaya a kasitomala.

Kamzereko sikanazimiririke. Kanakula limodzi ndi mwiniwake. Pofika zaka zitatu kanali katatukuka, kokhakhala, tizotupa touma tondondozana tooneka ngati njerewere. Sikankapweteka, kunja kukatentha kankayabwa pang'ono, basi. Koma msewu uliwonse uli ndi madokotala ake osavala yunifolomu. Wina anati amangepo ulusi, wina utomoni wa papaya, wina mankhwala otsukira mano, ndipo makanika wina ananena za madzi a batire ndi nkhope ya munthu wothandiza kwambiri. Ku kachipatala ka pafupi anati ndi njerewere, nkuwotcha kawiri ndi mankhwala. Ulendo uliwonse mwana ankalira sabata yathunthu, ndipo pakatha miyezi ingapo chinthucho chinkameranso pamalo ake enieni, chitawonjezera tizipsera toyera m'mbali.

Pamenepo makolowo anasiya za chipatala, aliyense nkugwira chida chake. Mayi anayamba kusoka madiresi a makolala aatali, ndipo ngakhale yunifolomu ya sukulu anaikweza kolala ndi zala ziwiri. Bambo ankajambula. Tsiku lobadwa, tsiku loyamba sukulu, tsiku limene dzino loyamba linaguluka, ankamukhazika pa kampando ka situdiyo, kenako nkukhala pa kompyuta nkusalaza khosi. Zoyambirira zosakonza ankazifufuta tsiku lomwelo, chifukwa kwa iwo chithunzi chosakonza chinali ngati mbale yosatsuka. Pakhoma la situdiyo panali mafulemu asanu ndi anayi a Mzime, limodzi la chaka chilichonse, ndipo makasitomala ankati kamwana kosalala ngati ka pa kalendala. Palibe tsiku limene awiriwa anakhala pansi nkugwirizana kuti abise. Zinangochitika, ndipo aliyense mumtima mwake ankati ndi chikondi.

Munthu mmodzi yekha amene anayesapo kujambula Mzime popanda kupempha anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, dalaivala wa lole ya maulendo ataliatali. Mwana ali ndi miyezi inayi, mlamuyo anamujambula ndi foni nkubwera ku situdiyo kuti amusindikizire. Chithunzicho chinali chopendekeka, chamdima, chala cha wojambulayo chitatseka ngodya imodzi.

"Alamu, ichi si chithunzi," anatero a Mwetulirani. "Iyi ndi ngozi ya pamsewu. Pulinta yangayi singalole."

Mlamuyo anaseka, nkuika foni m'thumba, nkupita kukakwera lole yake.

Vuto linafika Mzime ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku la masewera kusukulu ana onse anapatsidwa masikipa opanda kolala, ndipo khosi lake linaonekera kwa aliyense. Patangotha sabata, mwana amene ankakhala naye desiki imodzi anatuluka njerewere pa chala, ndipo mayi ake anafika pasukulu atanyamula moto. Mawa lake a Mwetulirani anatseka situdiyo nkupita kukaonana ndi ahedi, mayi wa magalasi amene ankalankhula akusanja mapepala.

"Ine mwana sindikumuthamangitsa," anatero ahediwo. "Ndikungoti akhale kaye kunyumba mpaka mubweretse kalata ya dokotala yonena kuti si zopatsirana."

"Anabadwa nacho, ahedi. Zaka zinayi ali pa sukulu pano, anatengera ndani?"

"Zaka zinayi munachiphimba ndi kolala, bambo. Makolo anzanu akufunsa kuti ngati sichoopsa, munkabisiranji?"

Kenako ahediwo anakumbutsa a Mwetulirani, maso ali pa mapepala, kuti mayeso omaliza chaka ayamba pakatha masabata asanu, ndipo mwana wosalemba amabwereza kalasi. Mzime anali asanatsikepo pa nambala yachitatu m'kalasi mwake.

Ku kachipatala kaja, anthu omwewo amene anawotcha kawiri mosakayika tsopano anayamba kukayika. Anati kalata yotero amalemba ndi dokotala wa khungu ku chipatala chachikulu, ndipo ameneyo amaona anthu Lachinayi lokha. Lachinayi loyamba anafika eyiti koloko, kalaliki wa pawindo nkuwauza kuti manambala anatha seveni. A Mwetulirani anafotokoza za mayeso, anafotokoza za kalata, anafotokozanso za mayeso. Kalalikiyo anamvetsera zonse mwaulemu, nkunena kuti manambala anatha seveni.

Sabata imeneyo Mzime ankakhala pakhonde pafupi ndi makina a mayi ake, akukopera manotsi m'kope la mnzake wa nyumba yoyandikana. Kopelo linkabwera litakulungidwa m'pulasitiki, ndipo mayi a mnzakeyo anapempha kuti lizibwereranso momwemo. A Mwetulirani ataona zimenezo mtima unawapsa moti anafuna kukagogoda kwa mayiyo, koma akazi awo anawagwira malaya. Anati kope likasiya kubwera, mwana aphunzira mkwiyo wawowo?

Lachinayi lachiwiri anapeza nambala khumi ndi imodzi, nkukhala pa benchi mpaka masana. Dokotala wa khungu anali mayi wachitsikana, wolankhula pang'onopang'ono. Anapinda kolala ya Mzime, nkuyang'ana khosilo ndi kagalasi kokhala ndi getsi, nkulitsatira ndi chala kuchokera kukhutu mpaka paphewa. A Mwetulirani anazindikira kuti ankayang'ana khoma nthawi yonseyo.

"Mukuti anabadwa nacho?"

"Eya, adokotala."

"Chinali chonchi?"

"Ayi, kanali kamzere chabe."

"Ine ndikuganiza kuti si njerewere," anatero dokotalayo. "Chikufanana ndi chibadwa china cha khungu chimene sichionekaoneka. Koma anthu awotchapo kawiri, ndiye maonekedwe ake asokonekera, ndipo pali matenda ena ofanana nacho amene amayamba mwana atakula. Kuti ndisaine kalata, pali njira ziwiri. Ndidule kachidutswa ka khungu ndikatumize kukapimidwa, koma zotsatira zimatenga miyezi iwiri kapena itatu. Apo ayi, mundibweretsere chithunzi cha ali wakhanda choonetsa khosili. Ngati mzerewu ulipo pamalo omwewa, nkhani yatha."

Akazi awo a Mwetulirani, amene anabwera nawo, anaseka, koyamba m'masabata awiri. "Adokotala, mwafunsa pa nyumba pake penipeni. Bambo akewa ndi ojambula zithunzi. Mwana ameneyu anajambulidwa kuposa mkwatibwi."

A Mwetulirani anayang'ananso khoma.

Atabwerera anapita ku situdiyo osadya, nkutsegula kompyuta. Zithunzi za Mzime zinalipo zoposa mazana anayi. Anazitsegula chimodzichimodzi, akudziwa kale chimene apeze, monga munthu wofufuza kiyi m'thumba limene walipisa kale katatu. Mzime pa thaulo, Mzime akukwawa, Mzime atagwira baluni, ndipo paliponse khosi losalala bwino. Anakumba m'katoni ya makhadi akale a kamera, onse anali opukuta. Ntchito yawo inali yaukhondo kwambiri moti sinasiye ngakhale phazi.

Akazi awo atafika madzulo kudzafunsa kuti asankha chiti, anawapeza atagwira mutu.

"Zonse?" anafunsa mayiwo.

"Zonse."

"Ngakhale chimodzi chosakhudza?"

"Ndimasunga zokonza zokha. Mukudziwa mmene ndimagwirira ntchito."

"Ine ndimayesa mumachotsa pa za pakhoma zokhazi, zoti anthu aziona."

"Nanga inu makolala aja munkasokera pakhoma?"

Mawu amenewo anali oona, koma sanathandize aliyense. Mayiwo anatola chikwama chawo nkutuluka, ndipo masiku awiri otsatira m'nyumba munkamveka makina osokera okha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma nthawi zina amatsekula cholakwika. A Mwetulirani anaganiza motere: mzerewo unalipo, iwo anauchotsa, ndiye kuubwezera si bodza, ndi kukonza cholakwa. Anatsegula chithunzi cha pa thaulo chija kuti aulembenso, ndipo apa ndi pamene anagwira njakata. Sankaukumbuka. Unkayambira pati kwenikweni, kunsi kwa khutu kapena kuseri? Unkakhota kangati? Zaka zisanu ndi zinayi anali ataufufuta kambirimbiri, koma anali asanauyang'anepo ngati chinthu choti munthu achidziwe. Zinawapweteka, ndipo zinawachititsa manyazi ngakhale anali okha m'chipindamo.

Ndiye anaitana mwana ku situdiyo, nkumukhazika pa kampando kaja.

"Tembenukira uko, mayi. Tsitsa kolalayo. Gwira choncho."

Mzime anatsitsa kolala, akuyang'ana khoma la mafulemu ake. "Lero simuchotsa?" anafunsa.

Chala chawo chinaima pa batani. Iwo ankayesa kuti mwanayo sadziwa, ngati kuti kunyumba kunalibe galasi. "Lero ayi," anayankha, nkujambula.

Anadula mzerewo pa chithunzi chatsopanocho, nkuuchepetsa, nkuukhazika pakhosi la khanda la pa thaulo. Anasalaza m'mbali, anakonza mthunzi, anafananitsa kuwala. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, imeneyi inali yaluso kwambiri. Akazi awo ataiona anati iwo alibemo, koma Lachinayi lachitatu anavala nkuwaperekeza, chifukwa masiku anali akutha.

Dokotala anatenga chithunzicho, nkuchiyang'ana, nkuyang'ana khosi la Mzime, nkuyang'ananso chithunzi. Kenako anapempha namwino kuti atuluke kaye ndi mwana akamuyeze kulemera.

"Bambo, munati ndinu ojambula?"

"Eya."

"Zikuoneka. Khanda la sabata imodzi silikhala ndi zotupa zokhakhala chonchi. Zimayamba zosalala, inuyo munanena nokha. Ndipo tizipsera toyerati ndi ta kuwotcha kuja. Mwana ameneyu anawotchedwa ali ndi zaka zinayi, koma apa akuoneka kuti anabadwa atawotchedwa kale."

Akazi awo anagwetsa nkhope. A Mwetulirani anafuna pansi patang'ambika. Anafotokoza zonse, za mkulu wa fodya uja, za pensulo, za mafulemu a pakhoma. "Sindinkaganiza, adokotala," anatero. "Dzanja limangopita lokha." Chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo sikelo inali pomwepo pakhonde.

"Mwina ndikukukhulupirirani," anatero dokotalayo. "Koma dzina langa sindingaliike pa kalata chifukwa cha chinthu chopanga. Mukapeza chenicheni, bwerani nacho Lachinayi. Mukalephera, tidula, ndipo mwana adikira."

Anatuluka nkulunjika pokwerera basi. Mzime anali patsogolo, akuponda m'mizere ya simenti. Mayiwo ndi amene anayamba kulankhula, osayang'ana amuna awo.

"Achimwene anamujambulapo ali ndi miyezi inayi."

"Foni imeneyo inatayika kalekale."

"Anakasindikiza."

"Kuti? Ine ndinakana."

"Tsidya la msewu, bambo a Mzime. Kwa Pompano."

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. A Mwetulirani anaupeza wawo utawadikira zaka zisanu ndi zinayi. Anaimba foni kwa mlamu wawo, amene anali kutali ndi katundu wa simenti, ndipo anazungulira kaye ndi moni wautali, za matayala ndi za mvula, asanafike pa nkhani.

"Chithunzi chiti, alamu?" anafunsa dalaivalayo, ndipo m'mawu mwake munkamveka kuti akudziwa.

"Cha Mzime ali khanda."

"Oo, ngozi ya pamsewu ija?"

"Chomwecho."

"Pulinta yanu yavomera tsopano?"

"Alamu, ndapota nanu. Mwana akuluza sukulu."

Kuseka kunatha. Mlamuyo anati afika Lachitatu, ngakhale bwana wake atakwiya.

Anafikadi Lachitatu masana, lole nkutseka theka la msewu mpaka Pompano anatuluka kudzaona. Mlamuyo anatsitsa kachotchingira dzuwa ka pamwamba pa chiwongolero, nkusololamo chithunzi chimene chinakhala mmenemo pamodzi ndi mapepala a galimoto. Chinali chitasuluka ndi dzuwa, ngodya zitapindika, chala chija chidakali pamalo pake. Khanda linali litatembenuzira mutu kumbali, likufuna kulira. Ndipo pakhosi, kuchokera kuseri kwa khutu lakumanzere mpaka paphewa, panali kamzere kakuda pang'ono, kokhota kawiri.

Mzime anachilanda bambo ake asanachigwire bwino. "Malume, uyu ndine?"

"Nanga ndani wina wamakani choncho?"

Mzime anachiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lina lili pakhosi pake, chala chikutsatira mzerewo. Pochibweza sanapereke kwa bambo ake, anapereka kwa mayi ake kuti achisunge m'chikwama.

Lachinayi lachinayi dokotala sanatenge ngakhale mphindi ziwiri. Anaika chithunzicho pafupi ndi khosi la mwana nkugwedeza mutu. Anafunsa ngati Mzime anakomokapo kapena kuvutika kuona, namuyang'ana m'maso ndi msana, nkunena kuti zonse zili bwino. Kenako analankhula ndi mwiniwakeyo, osati makolo.

"Ichi si matenda, ndipo sungapatsire munthu ngakhale mutagona pilo imodzi. Ndi khungu lako lomweli, kungoti pamzere uwu linakula mwa njira yake usanabadwe. Ana ochepa kwambiri amabadwa nacho. Munthu wina asadzawotcheponso. Ukadzakula, ukadzafuna kuti chichoke, tidzakambirana, ngakhale kuti pamatsala chipsera. Koma wonena ukhale iweyo."

Kalatayo inali ya mizere itatu. A Mwetulirani anaiwerenga pakhonde la chipatala, nkuiwerenganso, ndipo m'malo mosangalala anamva kupsa mtima. Masabata anayi, mabenchi, pulasitiki ya kope, zonse chifukwa cha mizere itatu imene akanaipeza ulendo umodzi akanakhala wojambula waulesi.

Ahedi anailandira Lachisanu m'mawa, nkunena kuti mwana abwere Lolemba. Koma popeza dzina lake linali litachotsedwa kale pa mndandanda wa olemba mayeso, panafunika kudzaza fomu ina, yomata kachithunzi ka nkhope pamwamba. "Kwa inuyo imeneyo si nkhani," anatero ahediwo, ndipo kanali koyamba kuwayang'ana kumaso.

Masana a tsiku lomwelo a Mwetulirani anakonza situdiyo ngati kukubwera akwati. Anatsitsa nsalu yabuluu, anapukuta kampando, anayatsa magetsi onse awiri nkuwongola maambulera ake. Mzime anafika ndi mayi ake atavala yunifolomu, koma anaima pakhomo.

"Lowa, mayi. Khala apa."

"Ndikufuna ndikajambulitse kwa a Pompano."

Anayesa kuti sanamve bwino. "Kwa ndani?"

"Kwa a Pompano."

"Munthu amene uja amadula anthu mitu. Khala apa, sindichotsa kanthu. Ndikulonjeza."

"Munauza adokotala kuti dzanja limangopita lokha."

Anayang'ana akazi awo kuti awathandize, koma mayiwo ankayang'ana pansi. Akanatha kukalipa, chifukwa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sasankhira bambo ake situdiyo. Akanatha kulumbira. Koma kumbuyo kwawo kunali mafulemu asanu ndi anayi a mwana wa khosi losalala, ndipo aliyense m'chipindamo ankawaona.

"Muperekezeni," anatero.

Anaima pakhomo nkuwaona akudikira magalimoto adutse. Ali pakati pa msewu, dzanja la mayi linapita pa kolala kuti liikweze, ndipo Mzime anagwedeza phewa nkuipindanso pansi. Analowa pansi pa chikwangwani chija. Sipanathe ngakhale mphindi zisanu asanatuluke.

Tizithunzito tinali tinayi, tili m'kaenvulopu. A Mwetulirani anatulutsa kamodzi nkukatengera pa getsi. Zolakwika anaziona zonse nthawi imodzi: mthunzi kumbuyo kwa mutu, phewa limodzi lotsika, nsalu yakumbuyo yamakwinya, mphumi yonyezimira ndi thukuta. Mwanayo sankamwetulira nkomwe, chifukwa Pompano sauza munthu kanthu. Ankangoyang'ana kutsogolo, chibwano chitakwera pang'ono, mzerewo ukutsika kuchokera kukhutu nkukhota kawiri. Kompyuta inali yoyaka pambali pawo, ndipo Mzime anali ataima pakati pa iwo ndi iyo.

"Adula mokhota," anatero a Mwetulirani. "Ndiwongole m'mbalimu?"

Mzime anaganiza kaye. "M'mbali mokha."

Anatenga sizasi yawo yakuthwa, nkudula kachingwe ka pepala kumanja ndi kena pamwamba, mwana akuyang'anitsitsa zala zawo. Kenako anapaka guluu kumbuyo, nkumata pa fomu, nkusindikiza ndi chikhatho mpaka katagwira.